Kabokosi ka agogo kapita ku Loch Ness

Lolemba usiku, Glasgow

Ndangoweruka kumene, miyendo ikuwawa ngati yobwereka, koma chikwama ndalongedza. Zovala ndi zochepa. Chomwe chikulemera ndi kabokosi ka pulasitiki kooneka ngati boti, kodzaza makobili mpaka pakamwa. Ndakakulunga m'juzi kuti kasamalire m'basi, anthu angayese ndathyola chopereka cha kutchalitchi.

Kabokosika si kanga. Kanali ka agogo ena aamuna omwe ndinkawasamalira kunyumba ya okalamba komwe ndimagwira ntchito. Anakulira kumtunda kwa Scotland, m'chigwa chachitali chomwe muli nyanja ya Loch Ness, ndipo kabokosi kawo kankakhala pawindo, pakati pa magalasi ndi mapilitsi. Aliyense akawagulira nyuzipepala, chenji inkagwera mmenemo. Tsiku lina ndikuwameta ndevu ndinafunsa kuti ndalamazo n'za chiyani. Anati n'za boti lopulumutsa anthu la kwawo. Ine ndinaseka. Ndinati, "Agogo, maboti amenewo si a kunyanja yamchere? Pa kanyanja koti tsidya lina mukuliona ndi maso, munthu angasowe bwanji?" Anandigwira dzanja lomwe linali ndi lezala, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, udzapite ukaviike chala."

Anatisiya mu Ogasiti. Mwana wawo wamkazi amakhala kunja, ndipo ndege yake inali ya mawa lake la maliro. Potolera katundu anandipatsa kabokosiko, akuti ngati ndingadzapeze mpata ndikakafikitse. Ntchito yathu salola kulandira ndalama za anthu omwe timawasamalira, choncho ndinakauza kaye abwana, tinalemba m'buku, tonse atatu n'kusainira. Ndikudziwa kuti ndikanangokasiya pamalo aliwonse a bungwe la maboti opulumutsa anthu ndalama zikanafika ndithu. Koma ndili ndi masiku anayi a tchuthi, komanso chala chija sindinaviike.

Zinthu ziwiri ndineneretu. Za chilombo chomwe anthu amati chimakhala m'nyanjamo musandifunse, sindikupitira chimenecho. Chachiwiri, kusambira sindidziwa, ngakhale pang'ono.

Lachiwiri, mumsewu wa A82

Basi yanyamuka pa depoti ya Buchanan kunja kukadali kachisisira. Tikiti ndinagula pa foni sabata yatha, mapaundi 20 ndi kanthu mpaka Fort William. Ndinadziuza kuti lero sindigona, ndione dziko. Pofika ku Dumbarton n'kuti mutu utagwera kale pagalasi.

Anandidzutsa ndi bambo wina wa mpando woyandikana nawo, wa ndevu zaimvi, wonunkhira fodya ndi galu wonyowa. Kabokosi kanali katatuluka m'juzi, kakulira pa kona iliyonse. Iye anakazindikira msanga, chifukwa kuno timabokosi timeneti timapezeka pa kauntala ya mabala, m'masitolo a nsomba ndi tchipisi, kulikonse. Ndi ta bungwe la Royal National Lifeboat Institution, lomwe aliyense amangoti RNLI. Linayamba pa 4 Malichi 1824, ndipo mwini ganizo anali Sir William Hillary wa ku Douglas pa chilumba cha Isle of Man, yemwe anatopa n'kuonerera zombo zikusweka pafupi ndi kwawo anthu n'kumafa ena akuyang'ana. Lero lili ndi masiteshoni 238 ku Britain ndi ku Ireland, ndipo ndalama zake n'zopereka za anthu. Omwe amakwera mabotiwo ambiri salipidwa.

Tinali m'mbali mwa Loch Lomond. Bamboyo analoza cha ku mudzi wa Luss n'kunena kuti pa nyanjayi palinso boti lopulumutsa anthu, koma si la RNLI. Ndi la eni dera, linayamba mu 1977, ndipo limadzisakira lokha ndalama. Ananena monyadira ngati boti ndi lake. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa paundi imodzi kuti aponye m'kabokosi ka agogo. Sinalowe. Anayesa kukankha ndi chala chachikulu, osatheka. Mapeto ake anangondipatsa m'manja, ine n'kuika m'thumba la m'kati la jekete, payokha.

Kudutsa Tyndrum dziko linasanduka lopanda munthu. Rannoch Moor ndi dambo lalikulu la udzu wofiirira ndi timadziwe takuda, lopanda nyumba, lopanda utsi, mitengo yowerengeka. Ndinagwidwa ndi kachisoni kosadziwika mutu wake. Anzanga m'basi anadzuka kujambula mapiri a Glencoe, ine ndinali kulimbana ndi mseru chifukwa cha makona.

Ku Fort William kunali mvula yoti ambulera ndi chokongoletsa chabe, imabwera cham'mbali. Ndinathawira m'kalesitilanti kena n'kuitanitsa Cullen skink, supu wa nsomba yowamba, mbatatesi, anyezi ndi mkaka. £7.50 ndi kabuledi kamodzi. Ndinadandaula mumtima ndisanalawe, nditalawa ndinasiya kudandaula. Chenji anandipatsa ya pepala la £10 la Royal Bank of Scotland lojambulidwa akatumbu awiri kumbuyo. Kuno mabanki atatu amasindikiza ndalama zawozawo, ndipo ya akatumbuyi ndimaumira kuigwiritsa ntchito.

Bedi £28, chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi. Wina akuliza mkonono kale.

Lachitatu, Fort Augustus

Ola limodzi pa basi kuchokera ku Fort William. Mudziwu uli kumapeto a kumwera kwa Loch Ness, ndipo pakati pake penipeni padutsa ngalande ya Caledonian Canal, yotsika ngati masitepe asanu. Sitepe iliyonse ndi chipinda cha madzi chotsekedwa ndi zitseko zikuluzikulu. Boti likalowa amatseka kumbuyo, amatulutsa madzi pang'onopang'ono mpaka alingane ndi a chipinda chapansi, ndiye amatsegula kutsogolo. Kuti maboti atsike masitepe onse asanu pamatenga ola kapena kupitirira. Ndinakhala pa benchi yonyowa, tiyi wa £2.80 m'manja, n'kuonerera zonse.

Apa m'pamene ndinayamba kuona kuti funso langa lija kwa agogo linali lachibwana. M'Chichewa zonse timangoti nyanja, yamchere ndi yopanda mchere yomwe, ndipo pano ndaona kuti chilankhulo chathu sichinalakwe kwenikweni. Loch Ness si dziwe lotsekeka. Ndi gawo la msewu wa pamadzi wolumikiza nyanja ya kumadzulo kwa Scotland ndi ya kum'mawa. Thomas Telford anayamba kukumba ngalandeyi mu 1803, n'kuitsegula mu 1822, kuti zombo zisamazungulire kumpoto komwe kunkatha anthu. Ulendo wonse ndi makilomita pafupifupi 97 ndi zipinda za madzi 29, koma chokumbidwa ndi anthu ndi gawo limodzi mwa atatu. Kwina konseko ndi nyanja zachilengedwe zondandalikana m'chigwa, ndipo yaikulu ndi Loch Ness. Ndiye pamadzi amenewa pamadutsa maboti a matanga ochokera kutali, a asodzi, a alendo, ndi timabwato ta munthu mmodzi topalasa ndi nkhafi, makamaka chitsegulireni njira ya opalasa ya Great Glen Canoe Trail mu 2012.

Koma omwe anandigwira mtima ndi a maboti ahayala. Munthu amatha kubwereka boti lalikulu logonamo, la khitchini ndi chimbudzi, popanda laisensi. Amangomuonetsa kayendetsedwe kake n'kumupatsa makiyi. M'chipinda chachitatu munali banja lina lotero. Bambo ali pa chiwongolero akukalipa, mayi ali kumtunda akukoka chingwe ngati akukoka ng'ombe yokana dibi, ana avala majekete oyandamitsa ofika m'makutu. Boti linapingasa, linagunda khoma, wogwira ntchito pa ngalandepo anawathandiza mosakweza mawu. Chitseko chomaliza chitatseguka, mlatho wa msewu unatembenuka kuwapatsa njira, iwo n'kulowa m'nyanja akubayibitsa anthu. Ndinawabayibitsa nanenso, koma m'mimba munandizizira.

Ndinatsata ngalande mpaka pomwe imathera, n'kutsikira pa timiyala ta m'mphepete. Chala chokha ndinaona ngati n'kuwanyenga agogo, ndiye ndinapinda juzi n'kuviika dzanja lonse mpaka m'kasukusuku. Ndinati ndiwerenge kufika 60. Ndinalekera pa 19. Si kuzizira komwe ndimakudziwa. Kumayamba ngati moto, kenako mafupa amachita ngati wina akuwafinya ndi pulayala. Madziwo ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi la zomera zowola lomwe mitsinje imakokolola m'mapiri, moti zala zanga sindinkaziona bwino. Pansi pa nyanjayi madzi amakhala pa madigiri 5 kapena 6 chaka chonse, pamwamba pokha m'pomwe pamafundako nyengo yotentha. Ndipo siuma kukhala ayezi, ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa madzi ndi ochuluka kwambiri: kuposa a nyanja zonse za ku England ndi Wales kuziphatikiza.

Masana ndinachita zomwe ndinalumbira kuti sindichita. Ndinakwera boti la alendo, £20. M'kati muli sikirini yoonetsa kuya kwa madzi. Titangochoka pa gombe manambala anayamba kuthamanga, 40, 90, 130, ngati mita ya takisi. Atadutsa 150 ndinasiya kuyang'ana. Pakuya kwambiri ndi mamita 230. Nyanjayi ndi yaitali makilomita 37 koma yopapatiza, ndipo yagona mowongoka kuchokera kumwera chakumadzulo kupita kumpoto chakum'mawa, momwemo momwe mphepo ya kuno imakonda kuombera. Mapiri a mbali zonse amaipanikiza mphepoyo ngati mu paipi, ndiye mafunde amanka nakula akamapita kumpoto. Ife tinangolawako pang'ono pobwerera. Boti linayamba kudumpha, kapu ya wina inagwa, ine ndinagwira chitsulo cha mpando mpaka zala kuyera. Mayi wina wachikulire wochokera ku Aberdeen anasendera pafupi, n'kundipatsa switi ya jinja osanena kanthu. Patapita kanthawi anati, "Yang'anani phiri, musayang'ane madzi."

Ndinayang'ana phiri, ndipo m'pamene ndinaona chinthu china. Gombe kulibe. Miyala imatsika chiriri kuchokera m'nkhalango mpaka kulowa m'madzi, mtunda wautali popanda poti munthu angakocheze bwato kapena kukwawira kumtunda. Tsidya lina ukuliona ndithu. Kuliona kokhako.

Lachitatu lomwelo, 2 koloko usiku

Tulo takana. Ndikatseka maso bedi likuyandama. Ndikuganiza za banja lija, kaya agona pati. Dzanja lamanja likadali lofiira.

Lachinayi m'mawa, Drumnadrochit

Basi inachedwa mphindi 40, ndipo pokwerera pake panalibe pobisala mvula. Nsapato zanyowa mpaka sokosi. Msewu wochoka ku Fort Augustus umakakamira m'mbali mwa phiri, nyanja ili kumanja, pansi. Tisanafike ku Drumnadrochit tinadutsa mulu wa miyala womangidwa bwino m'mbali mwa msewu. Ndi chikumbutso cha John Cobb, yemwe anafera pamadzi amenewa pa 29 Seputembala 1952 akuyesa kuswa mbiri ya liwiro la pamadzi ndi boti lake la injini ya ndege lotchedwa Crusader. Linali litapitirira mamailosi 200 pa ola pomwe linasweka. Anthu a m'chigwa cha Glen Urquhart ndi omwe anamumangira chikumbutsocho. Cha kumpoto kwa nyanjayi kunagweranso ndege yankhondo ya mtundu wa Wellington pa 31 Disembala 1940, injini itafa m'kati mwa chipale chofewa. Inakhala pansi zaka 45, anaivuula mu 1985, ndipo pano ili ku Brooklands Museum.

Alendo onse anatsikira pa nyumba yakale yachifumu ya Urquhart Castle. Ine ndinatsikira m'mudzi, pakati pa masitolo ogulitsa zidole za chilombo chija, zobiriwira za makosi aatali, n'kufunsa njira ya ku doko la Urquhart Bay. Ndi kamtunda ndithu, kutsata msewu wa ku Inverness, malole akukuwaza madzi. Lamba wa chikwama anandidya phewa. Makobili ndi katundu, abale.

Ndinafika. Nyumba yaudongo m'mphepete mwa madzi, mbendera ya RNLI ikukupiza, chitseko chotseka. Ndinagogoda. Zii. Ndinazungulira, ndinasuzumira pawindo, ndinaona zovala zopachikidwa mondandalika, chilichonse ndi chipewa chake cholimba pamwamba ndi majombo achikasu pansi, ngati anthu aima pamzere koma eni ake atuluka m'katimo. Ndinakhala pa khoma n'kuyamba kudzimvera chisoni. Ulendo wonsewu, ndalama zonsezi, kudzapeza loko.

Kupusa kunali kwanga. Ndinkayembekeza chiyani, mlonda pageti ndi kalaliki pa desiki? Pa siteshoni yotere sipakhala munthu wodikira ngozi. Anthu ake ali ku ntchito zawo, wina akuphunzitsa, wina ali pa denga la mwini akukhoma, wina akugona chifukwa anagwira usiku ngati ine. Aliyense amayenda ndi kachipangizo kotchedwa pager m'thumba. Munthu akaona ngozi pamadzi amaimba 999 n'kupempha a Coastguard, oona za ngozi za pamadzi, iwowo ndi omwe amapempha boti, ndiye timapager timalira m'makhitchini ndi m'magalaja a m'mudzi monse. Amene ali pafupi amasiya chomwe wagwira n'kuthamanga.

Izi anandifotokozera ndi mayi wina yemwe anaima ndi galimoto atandiona ndakhala pamvula ngati nkhuku yonyowa. Anafunsa ngati ndasochera. Nditatulutsa kabokosi anazimitsa injini. Anati madzulo ano anyamata ndi atsikana a boti akumana kuti ayeserere, ndibwerenso cha m'ma 6. Kenako anati, "Koma simungakhale pano mpaka madzulo, mudwala. Kwerani." M'galimoto munali agalu awiri ndi thumba la chakudya cha nkhosa. Ananditengera kwawo, anayanika nsapato zanga pa hita, anandipatsa supu wa mphodza ndi buledi wopaka batala wambiri. Ndinayesa kutsuka mbale, anandilanda. Ndinagona pa sofa yawo maola awiri, mlendo wosadziwika n'komwe dzina la bambo ake, galu mmodzi atanditsamira kumapazi.

Lachinayi usiku

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Pofika 6 koloko magalimoto anali atayamba kufika, ena a makwerero padenga, ena a mipando ya ana kumbuyo. Anthu wamba, otopa ngati ine. Mtsikana wina anafika akumaliza sangweji. Koma atangolowa m'chipinda chovalira anasintha, nthabwala zinachepa, aliyense akuona zipi ndi malamba a mnzake. Amavala chovala chofunda m'kati, pamwamba chovala chosalowa madzi chomwe chimagwira pakhosi ndi m'mikono, cholumikizana ndi majombo achikasu aja, kenako jekete loyandamitsa ndi chipewa.

Bambo wina wachikulire yemwe sakweranso boti koma amathandiza kumtunda ndi amene anandilandira. Ndinamufunsa kuti siteshoniyi inayamba liti, ndikuyembekeza kumva za zaka 100 kapena 150 monga masiteshoni a kunyanja yamchere. Anati 2008. Ndinadabwa. Foni yanga yoyamba ndi yakale kuposa pamenepo.

Mbiri yake ndi yotere. Kwa zaka zoposa 170 RNLI inali ya m'mphepete mwa nyanja yamchere basi. Siteshoni yake yoyamba ya pa nyanja ya pakati pa dziko inatsegulidwa mu 2001 ku Enniskillen pa Lough Erne, ku Northern Ireland. Mu 2004 inabwera ya pa Lough Derg, pa mtsinje wa Shannon. Pa Loch Ness, ntchito yopulumutsa anthu inali m'manja mwa a Coastguard, omwe anali ndi boti lawo pano. Mu Epulo 2008 RNLI inatenga ntchitoyo n'kubweretsa boti la mtundu wa Atlantic 75. Ya pa Lough Ree, ku Ireland, inatsatira mu 2012. Mpaka lero, mwa masiteshoni onse a RNLI ku Scotland, ya pa Loch Ness ndi yokhayo yomwe ili pa madzi opanda mchere. Nyumba yomwe ndinagogoda m'mawayi inabwera patatha zaka pafupifupi khumi chiyambireni, ndipo mu 2018 analandira boti lomwe ali nalo pano.

Ndiye kuti agogo anachoka kwawo kalekale siteshoniyi kulibe. Sanaionepo ndi maso. Ankangoponya makobili.

Botilo ndi Atlantic 85, lalitali mamita asanu ndi atatu ndi theka, pansi polimba, m'mbali muli chubu chachikulu chopopa. Kumbuyo kuli injini ziwiri za mphamvu ya mahatchi 115 iliyonse, ndipo limathamanga makilomita pafupifupi 65 pa ola. Limakwera anthu atatu kapena anayi, okhala motang'adza ngati pa njinga yamoto, opanda denga. Pamwamba pa injini pali chimango chachitsulo chomwe chanyamula thumba lopindidwa. Boti likagudubuzika, amakoka chingwe, thumbalo limafufuma n'kulitembenuza, ndipo injini zinapangidwa moti zikhoza kulizidwanso zitamizidwa chadodolido. Ndinawerengera ndekha kuti ngakhale pa liwiro lonselo, kuchoka pano kukafika komwe ndinaviika dzanja dzulo ndi mphindi zoposa 20, nyanja ili bata. Ine ndinalephera masekondi 20.

Ndinanena zimenezi kwa mtsikana wa sangweji uja. Anati chomwe chimapha anthu ambiri m'madzi ozizira si kuzizidwa kwa pang'onopang'ono, koma mphindi yoyamba. Thupi limadzidzimuka, munthu amakoka mpweya mosafuna, amapuma mothamanga, mtima umagunda ngati ng'oma, ndipo akayamba kuphiriphitha amameza madzi. Ngakhale katswiri wosambira. Anati ukagwera, usalimbane nawo madzi. Gona chagada, makutu alowe m'madzi, tambasula manja ndi miyendo, dikira mpweya ubwerere, kenako uziitana. Ndinamuuza kuti sindidziwa kusambira. Anati, "Kuyandama ndi kusambira n'zosiyana, achemwali. Pitani ku dziwe losambirira la kwanuko mukayesere pomwe mapazi akufika pansi." Ndinavomera ndi mutu. Kaya ndipita.

Ntchito zawo zambiri si zochititsa nthumanzi monga ndinkaganizira. Injini yafa ndipo mphepo ikukankhira boti ku miyala. Boti lahayala latsakamira pa mchenga. Wopalasa kabwato wagudubuzika, kapena watopa ali pa gombe lopanda njira yotulukira. Nthawi zina wina ali pa msewu waona chinthu pamadzi n'kuimba foni, iwo n'kupita, n'kukapeza chigobo cha mtengo. Bambo uja anati zoterozo sadandaula nazo, bola kupita pachabe kusiyana n'kuitanidwa mochedwa.

Pa mbali pa boti palembedwa dzina: Sheila & Dennis Tongue IV. Ndinafunsa za nambala ya kumapetoyo. Ndi boti lachinayi logulidwa ndi chuma chomwe munthu mmodzi anasiya mu wilo. Ena atatu ali ku Sligo Bay ku Ireland, ku Looe ku Cornwall, ndi ku Staithes ku Yorkshire. Bungweli limanena lokha kuti pa maulendo khumi aliwonse omwe maboti ake amatuluka, asanu ndi limodzi amatheka chifukwa cha ndalama za mu wilo. Ndaganizira zimenezi usiku wonse uno. Ine ntchito yanga ndi ya anthu omwe ali kumapeto, ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimamva akukangana ndi ana awo za nyumba ndi mphete. Sindinkadziwa kuti ena mwa iwo, ali chigonere choncho, akugula injini.

Ngakhale mtundu wa botiwu unabwera mwa njira yomweyo. Dzina loti Atlantic likuchokera ku Atlantic College, sukulu ya ku Wales komwe ana asukulu ndi mphunzitsi wawo wamkulu, Desmond Hoare, ankayesa kulumikiza pansi polimba ndi machubu opopa m'zaka za m'ma 1960. Umwini wa luso limenelo anaugulitsa ku RNLI pa paundi imodzi, ndipo cheke chake sanakachisinthe n'komwe. Nawonso mwambo wotolera makobili uli ndi pomwe unayambira. Mu Disembala 1886 amuna 27 a maboti opulumutsa anthu a ku Southport ndi St Annes anamira usiku umodzi akupita kukathandiza chombo chotchedwa Mexico. Patatha zaka zisanu, mu 1891, Charles Macara anakonza zoti maboti akokedwe m'misewu ya Manchester anthu n'kumaponya ndalama m'zidebe ndi m'matumba omangirira ku nsonga za mitengo, kuti a pa mawindo a m'mwamba nawonso afikire. Kabokosi ka pawindo la agogo ndi mdzukulu wa zidebe zimenezo.

Boti linatuluka kutada kale. Phokoso la injini linamveka kanthawi, kenako kunangotsala kanyali kabuluu kakuyenda pa mdima waukulu, mpaka nako kanazimirira kuseri kwa mtunda. Ndinaima panja mpaka mano anayamba kugundana. Anthu anayi, pa madzi omwe ine ndinalephera kusungamo dzanja, Lachinayi usiku, mawa ali ndi ntchito, ndipo uku n'kuyeserera chabe. Ndinachita mantha ngati ndine mayi wawo.

M'kati, mayi wina yemwe amasunga za zopereka anayala nyuzipepala patebulo, anadula chomatira cha pansi pa kabokosi, makobili n'kukhuthukira pamenepo. Tinawerenga atatu, ine, iye ndi bambo uja, tikuunjika timilu ta khumikhumi. Munali mapaundi akale ozungulira asanu ndi anayi, aja anasiya kugwira ntchito mu Okutobala 2017. Ndinada nkhawa, koma mayiyo anati ku banki amalandirabe. Munali batani la malaya. Munali kandalama ka ku Spain ka nthawi ya peseta. Zonse pamodzi £61.42. Ndinakumbuka paundi ya bambo wa m'basi, ndinaitulutsa m'jekete, zinakwana £62.42. Anandilembera lisiti m'dzina la agogo kuti nditumize kwa mwana wawo.

Ndipo pansi pa mulu wa mapeni panali kabatire kakang'ono ka makina omvera a m'khutu. Ndinakazindikira nthawi yomweyo. Chaka chatha tinakafunafuna masiku atatu, tinasasa mabulangete, tinasuntha bedi, mpaka tinalemba lipoti poopa kuti mwina akameza. Iwo ali phee pa mpando, akutiyang'ana. Ndinaseka mpaka misozi, kenako sinalinso misozi ya kuseka, ndipo bambo uja anapita kukateleka ketulo.

Lachisanu, Inverness

Boti linabwerako cha m'ma 8 usiku, onse anayi ali bwino, akudandaula za zala. Sindinathe kugona ndisanalione likulowa.

M'mawa uno mayi wa agalu uja anaumirira kundiperekeza mpaka pokwerera basi, ndi kaphukusi ka masikono. Theka la ola kufika ku Inverness. Nyanja inali bata ngati galasi, yosalakwa, yoti ukanati ndikunama zonse ndalembazi. Cha ku Lochend ndinaona boti lahayala likulowa mu ngalande bwinobwino. Kaya ndi banja lija, sindinaone nkhope, koma ndasankha kuti ndi iwowo.

Ndadya phala la oats la £4 pafupi ndi depoti, lothira mchere m'malo mwa shuga, monga ankadyera agogo. Silinandikomere ngakhale lero. Basi ya ku Glasgow inyamuka 10 koloko, ulendo uno kudzera ku Perth, maola atatu ndi theka. Chikwama chapepuka moti ndikumangochigwiragwira kuona ngati sindinaiwale kanthu. Kabokosi anandibwezera kopanda kanthu, atamata chomatira chatsopano. Kabatire kali m'thumba la jekete. Mawa shifiti ikuyamba 7 koloko.